Silas Marner

Silas Marner ndi nthano yaitali ya Chingerezi yolembedwa ndi George Eliot. Inasindikizidwa koyamba mu April 1861 ndi kampani ya William Blackwood and Sons ya ku Edinburgh, ndipo dzina lake lonse ndi Silas Marner: The Weaver of Raveloe, kutanthauza kuti Silas Marner, woomba nsalu wa ku Raveloe. Imasimba za munthu amene mnzake wa pamtima anamunamizira kuba, mpingo wake n'kumuchotsa, bwenzi lake n'kumukana. Munthuyo anakhala zaka 15 popanda womutchula kuti mnzake, mpaka usiku wina pamene kamwana kosadziwika kanalowa m'nyumba mwake. Bukuli ndi limodzi mwa mabuku akale otchuka pa gulu la nthano zimene munthu wosweka mtima amachira chifukwa cha ubale umene sankauyembekezera. Ndi nthano yaitali yachitatu ya Eliot, ndipo ndiyo yaifupi pa zonse zimene analemba. Lili ndi magawo awiri, mitu 21 ndi kamutu kotsekera.

Mlembi ndi chiyambi cha bukuli

George Eliot ndi dzina lolembera la Mary Ann Evans, amene anabadwa pa 22 November 1819 pafupi ndi Nuneaton m'chigawo cha Warwickshire ku England, ndipo anamwalira ku London pa 22 December 1880. Asanalembe Silas Marner anali atatchuka kale ndi Adam Bede (1859) ndi The Mill on the Floss (1860). Chakumapeto kwa 1860 ankakonzekera kulemba Romola, nthano ya mumzinda wa Florence ku Italy, koma nkhani ya woomba nsalu inamulowerera, n'kuyamba walemba imeneyo. Anaimaliza mu March 1861. M'kalata yopita kwa wosindikiza wake, John Blackwood, anafotokoza kuti nkhaniyi inachokera pa munthu wina woomba nsalu amene anamuona ali mwana, atanyamula thumba kumsana. Blackwood atawerenga mitu yoyamba anaona kuti inali yachisoni kwambiri. Eliot anamuyankha kuti cholinga chake chinali kuonetsa mphamvu yochiritsa imene ili mu ubale wamba wa munthu ndi munthu mnzake.

Mlembiyu ankadziwa yekha kuwawa kwa kusalidwa. Mu 1842 anakangana ndi bambo ake chifukwa chokana kupita kutchalitchi. Kuyambira 1854 ankakhala ndi George Henry Lewes, mwamuna amene anali ndi mkazi wina ndipo malamulo sankamulola kuthetsa ukwatiwo. Anthu ambiri anasiya kumuyendera, ndipo mchimwene wake Isaac anadula ubale mu 1857 osamulemberanso kalata mpaka 1880. Iye sanaberekepo mwana.

Tsatanetsatane wa nkhani

Nkhaniyi ikuchitika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800, nthawi ya nkhondo za Napoleon, koma gwero lake lili zaka 15 m'mbuyo. Ali mnyamata, Silas anali membala wodzipereka wa kampingo kena kopatuka ku Church of England, kamene kankasonkhana pamalo otchedwa Lantern Yard, mumzinda wa mafakitale kumpoto kwa England. Anali ndi matenda oumitsa thupi: mwadzidzidzi ankangoima chilili, maso ali tong'o, osamva kapena kudziwa chilichonse kwa kanthawi. Usiku wina akudikirira dikoni wodwala, dikoniyo anamwalira ndipo ndalama za mpingo zinasowa. Mpeni wa Silas unapezeka pamene pankakhala ndalamazo, thumba lopanda kanthu n'kupezeka m'chipinda chake. Wakuba weniweni anali William Dane, mnzake wa ponda apa nane mpondepo. Mpingowo sunkalola kutengera mlandu kubwalo la boma, choncho anapemphera n'kuchita maere. Maere anagwera Silas. Iye ananena pamaso pa onse kuti kulibe Mulungu wachilungamo. Bwenzi lake Sarah anathetsa chitomero, ndipo patangopita mwezi ndi masiku ochepa anakwatiwa ndi William yemweyo.

Silas anasamukira ku Raveloe, mudzi wa alimi pakati pa England, n'kukakhala m'kanyumba ka m'mphepete mwa dzenje lokumbamo miyala. Anthu a m'mudzimo ankamuopa chifukwa cha maso ake otuluka, matenda ake, ndi luso lake limene sankalimvetsa. Atathandiza Sally Oates, mkazi wa wosoka nsapato, ndi mankhwala azitsamba amene anaphunzira kwa mayi ake, amayi ambiri anabwera kudzapempha zithumwa. Iye anawabweza chifukwa sankafuna kunamiza anthu, ndipo chidani chinakula. Chimene chinatsala ndi ntchito ndi ndalama. Ankaomba nsalu za bafuta usana wonse, usiku n'kumawerenga ndalama zake zagolide zimene ankazibisa m'matumba awiri achikopa pansi pa njerwa.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi ya banja la Squire Cass, mwinimunda wamkulu wa ku Raveloe. Mwana wake woyamba, Godfrey, anakwatira mobisa mkazi wosauka dzina lake Molly Farren, amene anali kapolo wa mankhwala ozunguza bongo a opium, pamene mtima wake unali pa Nancy Lammeter. Mng'ono wake Dunstan ankadziwa chinsinsichi ndipo ankamudyera nacho ndalama. Pofuna kubweza mapaundi 100 a lendi ya bambo awo, Dunstan anapita kukagulitsa hatchi ya Godfrey yotchedwa Wildfire, koma anaipha mwangozi pokasaka asanalandire ndalama. Pobwerera wapansi mu nkhungu, anapeza nyumba ya Silas yosakiya, n'kutenga golide yense: mapaundi 272, masheleni 12 ndi mapeni 6. Kuyambira usiku umenewo Dunstan sanaonekenso.

Usiku wolowera chaka chatsopano, Molly ananyamuka ndi mwana wake wamkazi wa zaka pafupifupi ziwiri kuti akayalutse Godfrey pa phwando la kunyumba kwa bambo ake. M'njira anamwa opium, n'kugona mu chipale chofewa, osadzukanso. Mwanayo anatsatira kuwala kwa moto n'kulowa m'nyumba ya Silas, amene pa nthawiyo anali ataumira pakhomo chifukwa cha matenda ake aja. Atatsitsimuka anaona chinthu chonyezimira pafupi ndi moto. Popeza sankaona bwino, anaganiza kuti golide wake wabwerera, koma atatambasula dzanja anakhudza tsitsi la mwana. Ananyamula mwanayo kupita kuphwando kuja kukaitana dokotala. Godfrey anamuzindikira mwana wake, n'kukhala chete. Silas anakana kupereka mwanayo kwa oyang'anira amphawi a parishi. Anamutcha Hephzibah, dzina la mayi ake ndi la mlongo wake wamng'ono amene anamwalira, ndipo mwachidule ankamutchula kuti Eppie.

Gawo lachiwiri likuyamba patapita zaka 16. Madzi a m'dzenje la miyala lija ataphwa, mafupa a Dunstan anapezeka pamodzi ndi golide wa Silas. Godfrey, amene anali atakwatira Nancy koma alibe mwana, anaulula zonse kwa mkazi wake, ndipo awiriwo anapita kukatenga Eppie. Mtsikanayo anakana. Pambuyo pake anakwatiwa ndi Aaron Winthrop, wosamalira minda ya maluwa, ndipo banja latsopanolo linakhala limodzi ndi Silas.

Mmene kuchira kukuchitikira

Anthu ambiri amakumbukira bukuli ngati nkhani ya mwana amene anangolowa m'nyumba n'kusintha zonse tsiku limodzi. Zimene zili m'bukumo n'zapang'onopang'ono kuposa pamenepo, ndipo m'menemu ndi mmene muli luso la mlembi.

Chitseko choyamba sichinatsegulidwe ndi mwana koma ndi wakuba. Usiku umene anaberedwa, Silas anathamangira ku Rainbow, nyumba ya mowa ya m'mudzimo, kumene amuna anali kutsutsana za ng'ombe ndi za mizukwa. (Mutu 6, umene uli ndi macheza amenewa, ndi umodzi mwa mitu imene akatswiri amaitamanda kwambiri, ngakhale kuti nkhani yeniyeni siyenda n'komwe m'menemo.) Aka kanali koyamba pa zaka 15 kuti akhale pamoto wa anthu ena ndi kupempha thandizo. Ananena kuti wakuba ndi Jem Rodney, koma atakumbutsidwa kuipa kwa kunamizira wosalakwa anakumbukira za iye mwini, n'kubweza mawu ake. Anthu amene ankamuyesa mfiti anayamba kumuona ngati munthu watsoka chabe.

Komabe chifundo cha anthu pachokha sichinamuchiritse. Chakufupi ndi Khirisimasi, Dolly Winthrop, mkazi wa mmisiri wa mateyala a ngolo, anamuyendera ndi timakeke pamodzi ndi mwana wake Aaron, amene anamuimbira nyimbo. Silas anathokoza, koma mawu achitonthozo ndi malangizo oti azipita kutchalitchi sanamufike pamtima. Khirisimasi anaidya yekha. Apa mlembi akusiyanitsa zinthu ziwiri zimene kawirikawiri zimasokonezedwa: kulandira chifundo ndi kufunidwa. Woferedwa kapena wokanidwa angathe kulandira mbale ya chakudya n'kutsekanso chitseko. Mwana wanjala, wa nsapato zonyowa, sangabwezedwe mwaulemu ngati mlendo.

Mfotokozankhani akuyerekeza golide ndi mwanayo mwachindunji. Golide ankafuna kuti Silas azikhala pa choombera nsalu, zitseko zili zotseka, osaganiza za china. Eppie ankamukokera kunja. Ankafuna zovala, ndipo Silas anayenera kulandira zakale za Aaron kwa Dolly ndi kuphunzitsidwa kavalidwe kake. Ankafuna ubatizo, ndipo Silas, amene kumpingo kwawo ankangodziwa ubatizo wa akuluakulu, analowa m'tchalitchi cha ku Raveloe koyamba, ngakhale sanamve zambiri za mwambo wake. Popita kukapereka nsalu m'mafamu ankamunyamula, ndipo anthu amene kale ankangomulipira n'kumuthamangitsa ndi maso tsopano ankamukhazika pansi kuti afunse za mwanayo. Ana anasiya kumuthawa. Mwachidule, mwanayo anam'patsa mavuto amene sakanatha kuwathetsa yekha, ndipo mavuto amenewo ndiwo anamubwezera pakati pa anthu. Mawu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe akugwira ntchito pano mbali ziwiri: Silas analera mwana wa Godfrey, ndipo mudzi unathandiza kulera mwana wa Silas.

Muli nthabwala m'mitu imeneyi. Silas ankamanga Eppie ku choombera nsalu ndi kansalu kuti asasochere, koma tsiku lina mwanayo anatenga sizasi n'kudzimasula. Dolly analangiza kuti amutsekere kanthawi mosungira malasha. Chilangocho chinalephereka chifukwa Eppie anakukonda kumalashako, n'kubwererako yekha atangosambitsidwa. Silas sanayesenso kumulanga.

Chinthu china chimene chinabwerera ndi chikumbumtima cha zakale. Kwa zaka zonse zija Silas ankapewa kuganiza za Lantern Yard, ndipo anasiya ngakhale kuyang'ana zitsamba za mayi ake. Atakhudza tsitsi la Eppie usiku woyamba uja, maganizo ake anapita kwa mlongo wake womwalirayo. Poyenda ndi mwanayo m'madambo anayambanso kuzindikira masamba amene ankawadziwa kale. Nkhani ya maere anamuuza Dolly patapita zaka, pang'onopang'ono, ndipo Dolly, mayi wosadziwa kuwerenga, anaisinkhasinkha kwa nthawi yaitali asanayankhe. Yankho lake silinali la zaumulungu zozama. Anati ngati iye, munthu wamba, akumvera Silas chisoni chotere, ndiye kuti akumwamba sangakhale ouma mtima kuposa iye, ndipo chotsala n'kukhulupirira ngakhale pamene munthu sakumvetsa. Akatswiri ambiri amagwirizanitsa maganizo amenewa ndi buku la Ludwig Feuerbach lonena za chikhristu, limene Eliot analimasulira kuchoka m'Chijeremani mu 1854, ndipo limaphunzitsa kuti chimene anthu amachitcha chikondi cha Mulungu chimaoneka m'chikondi cha anthu. M'bukuli Silas sabwerera ku ziphunzitso za mpingo wake wakale. Chimene akupezanso ndi kutha kukhulupirira munthu.

Chilonda choyamba chija sichichotsedwa. Golide atapezeka, Silas anatenga Eppie kupita kumzinda wakwawo kuti akafunse mbusa wakale, bambo Paston, ngati choonadi chinadziwika. Anapeza kuti Lantern Yard kulibenso. Pamalopo panali fakitale yaikulu, ndipo panalibe wodziwa za mpingowo kapena anthu ake. William Dane salangidwa pamaso pa owerenga, Sarah samvekanso, dzina la Silas siliyeretsedwa. Mlembi wofuna kusangalatsa owerenga akanatha kubweretsa kalata yopepesa. Eliot anamusiya Silas akhale ndi funso lopanda yankho, koma ali ndi mwana womugwira dzanja pobwerera.

Godfrey ndi Nancy

Chisoni chachiwiri m'bukuli, chimene owerenga ena sachilabadira, ndi cha Nancy. Mwana wake yekhayo anamwalira atangobadwa, ndipo kwa zaka zambiri ankasunga zovala zimene anamusokera m'dirowa, kupatula kamodzi kamene anamuika nako m'manda. Godfrey atanena kangapo kuti atenge Eppie n'kumulera, Nancy anakana, pokhulupirira kuti kutenga mwana wa wina pamene Mulungu wakumana n'kulimbana ndi chifuniro chake. Sankadziwa kuti mwanayo ndi wa mwamuna wake. Atamva zoona, kudandaula kwake kunali kwakuti akanauzidwa poyamba, akanamulandira.

Mutu 19, pamene awiriwa akupita kwa Silas, ndiwo pachimake pa bukuli. Godfrey anabwera ndi zinthu ziwiri, magazi ndi chuma, ndipo sanaganizepo kuti woomba nsalu angakonde mwana mmene munthu wolemera angamukondere. Silas anamufunsa chifukwa chimene sananenere zimenezi zaka 16 zapitazo, koma pamapeto pake anasiya kulimbana n'kunena kuti Eppie asankhe yekha. Eppie anayankha mwaulemu kuti bambo amene amawadziwa ndi amodzi, kuti anakulira pakati pa anthu ogwira ntchito ndi manja, ndipo akufuna kukwatiwa ndi mmodzi wa iwo. Mwana yemweyo amene anachiritsa Silas sakanatha kuchiritsa Godfrey, chifukwa Godfrey anamufuna ngati mankhwala a kusowa kwake, pa nthawi imene ntchito yolera inali itatha kale. Iye anavomereza kuti pali ngongole zina zimene sizibwezedwa ngati ndalama. Anathandiza kukulitsa nyumba ya Silas ndi kulipira phwando la ukwati, koma tsiku la ukwatilo anachoka m'mudzimo.

Zimene ena amatsutsa

Kuyambira kale owerenga akhala akunena kuti bukuli lili ndi mbali ziwiri zosiyana: moyo wa kumudzi wofotokozedwa monga ulili, ndi nkhani yonga nthano za kumoto, momwe golide akusowa n'kubwera mwana wa tsitsi lagolide. Zongochitika mwamwayi n'zambiri. Dunstan akufika pa usiku umene Silas wachoka osakiya, Molly akufera pafupi ndi khomo lomwelo, ndipo matenda a Silas akumugwira pa nthawi imene nkhani ikufuna. Eliot mwini anauza Blackwood kuti poyamba nkhaniyi inamubwerera ngati nthano yamakedzana, ndipo ankaona kuti ikanayenerera kulembedwa ngati ndakatulo. Mawu otsegulira bukuli anawatenga mu ndakatulo ya William Wordsworth yotchedwa Michael.

Eppie wamkulu alibe cholakwa chilichonse, ndipo n'zoona kuti sakhutiritsa ngati Eppie wa kumalasha uja. Dandaulo lolemera kwambiri ndi la Molly. Chimwemwe cha Silas, ufulu wa Godfrey ndi ukwati wa Nancy zonse zaima pa imfa ya mayi wosauka amene waikidwa m'manda ngati mmphawi wopanda dzina, ndipo bukuli likum'patsa masamba ochepa chabe. Mfotokozankhani akudziwa zimenezi ndipo akunena kuti imfayo sinalilidwe ndi aliyense. Chimene chikutsala cha Molly ndi mphete yake ya ukwati, imene Silas anasungira Eppie, ndi chitsamba chimene anafera pansi pake, chimene Eppie anafuna kuchiwokera m'dimba lawo.

Bukuli likuonetsanso ntchito imene inali kutha. M'gawo lachiwiri ntchito yoomba nsalu ndi manja yayamba kuchepa ku Raveloe, ndipo fakitale imene yameza Lantern Yard ikusonyeza kumene zinthu zinali kulowera. Pofika 1861, pamene bukuli linkatuluka, mudzi wonga Raveloe unali kale chinthu chokumbukira.

Mafilimu ndi mabuku ofanana nalo

Kwa zaka zambiri Silas Marner linali buku lophunziridwa m'masukulu a sekondale, makamaka ku United States. Mu 1985 BBC inapanga filimu yake, Ben Kingsley akusewera ngati Silas. Mu 1994 Steve Martin analemba ndi kusewera mu A Simple Twist of Fate, imene inasamutsira nkhaniyi ku America wa masiku ano.

Chimango cha nkhaniyi, munthu wodzitsekera amene akutsegulidwa ndi mlendo wosayembekezeka, chimapezeka m'mabuku ena ambiri, ngakhale si onse amene anatengera kwa Eliot. Mu Heidi wa Johanna Spyri (1880 ndi 1881) ndi gogo wokhala yekha m'mapiri a ku Switzerland amene akubwerera kumudzi ndi kutchalitchi chifukwa cha mdzukulu wake. Mu Goodnight Mister Tom wa Michelle Magorian (1981), nkhalamba Tom Oakley, amene mkazi wake ndi mwana wake anamwalira kalekale, akupatsidwa mnyamata wothawitsidwa ku London pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. A Man Called Ove wa Fredrik Backman, amene anatuluka m'Chiswidishi mu 2012, akusintha mwana uja kukhala banja lonse: Ove, wa zaka 59, wataya mkazi wake Sonja ndipo sakufunanso moyo, koma Parvaneh, mayi wochokera ku Iran amene wasamukira pafupi naye, sasiya kumupempha zinthu, kuyambira makwerero mpaka kumuphunzitsa kuyendetsa galimoto. Pamenepanso chimene chikugwira ntchito ndi kufunidwa, osati kutonthozedwa.

Lofanana kwambiri ndi Silas Marner ndi The Storied Life of A. J. Fikry la Gabrielle Zevin (2014). M'menemo mwini sitolo ya mabuku, amene mkazi wake wamwalira pa ngozi ya galimoto, akuberedwa buku lake lamtengo wapatali, Tamerlane la Edgar Allan Poe, ndipo pasanapite nthawi akupeza mwana wa zaka ziwiri, Maya, atasiyidwa m'sitolomo.